Malangizo Amene Tinabisa Kuseri kwa Fomu

Achimwene anga atabwerako ku Joni, n'kuti ine nditalima mbewu ya kachewere kwa zaka zitatu pamunda wa abambo ku Tsangano. Ndinaphunzira zaulimi kukoleji, koma ntchito sinapezeke. Nditatopa ndi kulemba makalata osayankhidwa, ndinabwerera kumudzi n'kupempha abambo kuti andigawireko malo a kumtunda, kumene nthaka yake inali isanagwidwepo ndi matenda ofotetsa mbatata. Ndinamanga kanyumba ka udzu kolowa kuwala ndi mphepo, ndinaikamo mathandala, n'kuyamba kusunga mbewu yoti ndizigulitsa kwa alimi anzanga.

Mbewu inali yabwino, koma ogula anali ochepa. Anthu kwathu anazolowera kusankha timbatata tating'ono pa zokolola zawo n'kubzalanso, kapena kukagula pamsika iliyonse imene yaphuka. Ondidziwa anali a kutchalitchi ndi a midzi iwiri itatu yoyandikana nafe. Chimene ndinali nacho chodzaza chinali kope. M'kopemo ndinkalemba zonse zimene ndinkaona m'munda: mmene tsamba limaonekera chiwawu, matenda owaula masamba, chikangoyamba kumene, kusiyana kwa chiwawu ndi kufota, kasungidwe ka mbewu kuti mphukira zituluke zazifupi ndi zolimba. Ndinkalemba m'Chichewa chomwe timayankhula kumunda, chifukwa zambiri ndinkayamba ndafotokozera amayi ndisanazilembe.

Achimwene anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Ankagwira ntchito pasitolo ya matayala, ndipo zaka ziwiri zomaliza ndi iwo amene ankayang'anira tsamba la sitoloyo pa intaneti. Anabwera ndi laputopu, jekete lachikopa, ndi mtima wosafunanso kubwererako. Ataona mathandala anga, ananena kuti vuto langa silinali mbewu, koma kuti palibe ankadziwa zoti ndilipo. Tinagwirizana kuti tigwirire limodzi: ine kumunda, iwo ku intaneti.

Tsiku lina masana tinakhala pakhonde tikusankha mbewu, abambo ali pampando wawo chapafupi. Achimwene anandifotokozera kuti masamba otsatsira malonda alipo amitundu iwiri.

"Lina ndi lalifupi," anatero. "Pamakhala chithunzi, lonjezo limodzi, ndi fomu yoti munthu alembepo dzina ndi nambala ya foni. Palibenso china choti achite pamenepo. Alembe kapena achoke. Linalo ndi lalitali ngati nyuzipepala. Umalembapo zonse zimene ukudziwa, munthu amawerenga, mwina tsiku lina n'kudzakukumbukira."

"Ndiye tipange lachiwirilo. Zolemba ndili nazo kale."

"N'zimene ndimaopa kuti unena. Munthu akawerenga n'kuchoka, ukamupeza kuti? Sudziwa dzina lake, sudziwa mudzi wake. Wamwa madzi pachitsime chako, wapita. Koma ukakhala ndi nambala yake, ukhoza kumuimbira lero, ukhoza kumuimbiranso nthawi yobzala."

Ndinawauza kuti anthu kwathu saopa kuwerenga, chimene amaopa ndi kupereka nambala. Ndani sanalandirepo uthenga wa akuba a pafoni, onena kuti mwana wanu wadwala kusukulu, kapena kuti mwawina mphoto pampikisano umene simunalowe? Achimwene anavomera kuti zimenezo zilipo, koma anati n'chifukwa chake lonjezo liyenera kukhala la chinthu chimene munthu akuchifunitsitsa. Anatenga kope langa, anatsegula pamene ndinalemba za chiwawu, n'kugogoda ndi chala.

"Ichi ndiye chuma chako. Usamwaze pamsewu. Tinene kuti amene walemba nambala timutumizira malangizowa ulere."

Abambo sanamve zonse, koma za kulemba maina anazimva. Iwo anagwirako ntchito m'migodi ali mnyamata. Ananena kuti nawonso popita ankayamba alembedwa maina ndi kudinda chala, mgodiwo asanauone, ndipo ubwino ndi kuipa kwake anakazionera komweko. Achimwene anaseka, amvekere pano palibe amene akutsikira pansi pa nthaka. Nanenso ndinaseka. Ndinagonja tsiku lomwelo, osati chifukwa choti ndinakhutira, koma chifukwa iwo ndi aakulu, zinthuzi anali atazigwirapo, ndipo ine ndinali nditatopa kuona mbewu yabwino ikukhwinyata pamathandala.

Tsamba lathu linali ndi chithunzi cha munda wanga uli maluwa okhaokha. Pamwamba panalembedwa kuti chiwawu chisakuthereni munda, pansi pake timabokosi titatu: dzina, mudzi, nambala. Achimwene analitumiza m'magulu a pafoni a alimi, a amayi a m'mipingo, ndi a ogulitsa pamsika wa Lizulu. Mvula yoyamba isanagwe, manambala anayamba kubwera. Sindingabise, ndinasangalala. M'mawa uliwonse achimwene ankatsegula laputopu n'kundiwerengera maina a midzi imene sindinaipondepo, ina ya kutsidya kwa malire.

Lamulo lawo linali limodzi: malangizo asatumizidwe munthuyo tisanamuimbire. Ankati ukangotumiza osayankhula naye, watenga chake, foni yako sadzayankhanso. Ndiye ntchito yoimba inali yanga, poti ndine ndinkadziwa za mbatata. Ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imagwira bwino, n'kuyamba kuimba mmodzimmodzi. Ena ankadula ndisanamalize moni. Ena ankafunsa ngati tikulemba maina a olandira feteleza. Kangapo ndinayankhidwa ndi abambo amene sankadziwa kuti akazi awo analemba nambala yawo, ndipo ndinkayamba ndafotokoza kuti ndine ndani, mwana wa kuti. Koma ena ankamvetsera, ankafunsa mafunso, ndipo angapo anabweradi panjinga zamoto kudzagula mbewu. Chaka chimenecho mathandala anatha onse Khirisimasi isanafike. Zimenezo zinali zisanachitikepo.

Mu Januwale kunabwera mvumbi. Mvula inkangowaza osaleka, chifunga chili phaa mpaka masana, nyengo imene chiwawu chimaikonda. Munda wanga ndinali nditapopera kale. Sabata lomwelo tinalandira uthenga woti azakhali athu, alongo awo a abambo, atisiya ku Kasinje. Tinanyamuka tonse. Laputopu inatsala m'nyumba, ndipo ngakhale tikanaitenga, pamaliro sungakhale pambali n'kumaimbira anthu za malonda. Tinakhalako masiku asanu, poti abambo anafooka ataika mlongo wawo ndipo sitikanawakweza galimoto tsiku lomwelo.

Titabwerera tinapeza manambala atachuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Achimwene anati mwayi ndi umenewu, anthu akutifuna. Ine ndinayamba kuimba kuchokera pamwamba. Tsiku lachitatu ndinafika pa dzina la mayi wina wa kufupi ndi Lizulu. Linalembedwa katatu, masiku atatu otsatizana, nambala yomweyo. Pokalemba kachitatu, m'kabokosi ka mudzi sanalembemo mudzi. Analembamo kuti chonde masamba akuda.

Foni anayankha mayi wa mawu otsika. Ndinadzifotokoza, ndinapepesa kuti tinali kumaliro. Anandipepesa za malirowo mwaulemu wonse, anafunsa ngati tinayenda bwino. Kenako anati, "Koma mwachedwa, amayi. Ngati mukufuna, mubwere mudzaone."

Sindinawauze achimwene. M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera minibasi ya ku Lizulu. Mayiyo anandidikira pafupi ndi pamene amagulitsira kabichi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka mwina khumi, wamfupi, atavala juzi yaubweya ndi nsapato zamphira. Tinayenda pafupifupi ola limodzi kukwera mtunda. M'njira anandiuza kuti amuna awo ali ku Joni ngati mmene analili achimwene, ndipo munda wa kachewere ndi umene umadyetsa pakhomopo ndi kuphunzitsa ana.

Mundawo ndinaumva fungo ndisanauone. Amene analimapo kachewere amalidziwa fungo la chiwawu, longa la masamba oola m'madzi. Mizere yonse inali yakuda, mapesi atagwa, kupatula pakona imodzi ya kumtunda pamene mphepo imawomba. Mayiyo anafukula phando limodzi ndi dzanja n'kundipatsa mbatata. Kunja inkaoneka bwino, koma nditaiswa ndi chikhadabo, mkati pafupi ndi khungu munali mutayamba kale dzimbiri.

Anandifotokozera mmene zinayendera, osakweza mawu. Anaona timadontho tofiirira m'mphepete mwa masamba Lolemba. Alangizi a zaulimi a dera lawo anali kutali, foni yawo sinkapezeka. Tsamba lathu analiona m'gulu la amayi a kutchalitchi kwawo, ndipo ataona mawu oti chiwawu chisakuthereni munda, analemba nambala nthawi yomweyo. Anadikira tsiku lonse foni ili m'thumba la juzi. Lachiwiri analembanso poganiza kuti mwina analakwitsa nambala. Lachitatu analembanso, kenako anatsikira kumsika, kumene wogulitsa wina anawapatsa botolo la mankhwala n'kuwatsimikizira kuti amapha chilichonse. Anandionetsa botololo. Anali mankhwala a nsabwe ndi mbozi.

"Malangizowo ndi otani?" anafunsa. "Ndimvekobe, mwina chaka chamawa."

Ndinatulutsa foni n'kuwawerengera. Sanali ambiri. Kuti chiwawu si tizilombo toyenda, ndiye mankhwala a mbozi sagwira, afunse mankhwala a chiwawu enieni. Kuti ayang'ane kunsi kwa tsamba m'mawa ngati kuli nkhungu yoyera. Kuti achotse masamba ogwidwa n'kukawakwirira kunja kwa munda. Kuti matendawo akafalikira, adule mapesi onse, awatulutse m'munda, akwezere mizere, n'kudikira sabata ziwiri asanakumbe, kuti mbatata za pansi zipulumuke. Kuwerenga konseko sikunathe mphindi ziwiri.

Anayang'ana mizere. Kenako anati, "Ndiye mawuwa munali nawo kale tsiku lomwe ndinalemba lija?"

"Ndinali nawo."

"Nanga bwanji simunangowalemba pomwepo?"

Sanafunse mokalipa. Ankafunadi kumvetsa. Zoona zake zinali zoti tinkafuna nambala yawo kuti tidzawagulitse mbewu. Koma ndinangoti tinalakwitsa. Tinathandizana kudula mapesi a pakona ya kumtunda ija mpaka dzuwa litapendeka, ngakhale tonse tinkadziwa kuti chotsalapo n'chochepa.

Mpaka lero sindikudziwa ngati malangizo anga akanaupulumutsa mundawo. Mvumbi wa chaka chimenecho unawononga minda ya anthu ambiri, ena opopera bwinobwino. Mwina mankhwala enieniwo sakanawapeza, mwina mvula ikanawatsuka. Koma mapesi akanadula, ndipo zimenezo sizifuna sitolo.

Nditafika kunyumba ndinawapeza achimwene akukonza njinga. Ndinawauza zonse, ndipo ndinanena kuti ndikufuna malangizowo aikidwe poyera, fomu ichotsedwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali ndi girisi.

"Zandimvetsa chisoni," anatero. "Koma ife si alangizi a boma. Sitinawononge munda wa munthu, chawononga ndi chiwawu. Tikanapanda kupanga tsambalo, mayiyo akanapita kwa wogulitsa yemweyo."

"Akanapita Lolemba, osati Lachitatu. Masiku awiri anadikira ife."

"Ndiye tikonze kuti uthenga uzipita wokha munthu akangolemba. Zimenezo zimatheka."

"Zimatheka? Bwanji simunachite poyamba?"

Anapukuta manja, kenako anandikumbutsa kuti mbewu yanga inatha chifukwa cha mafoni omwewo, ndipo ine pachulu paja ndinkaimba ndikuseka. Zinali zoona. Ananenanso kuti iwo anasiya ntchito ku Joni pokhulupirira kuti pano tikhoza kumanga chinthu, osati kutsegula sukulu yaulere. Ndinawayankha mawu amene sindikanayenera kuyankha munthu wamkulu kwa ine, akuti anazolowera kugulitsa matayala kwa anthu amene sadzawaonanso. Amayi anatuluka m'khitchini n'kutiuza kuti pakhomo pano maliro sanathe n'komwe mwezi. Madzulo ake achimwene anandilembera mawu achinsinsi otsegulira tsambalo pakapepala, anaika patebulo, n'kunena kuti ndichite zimene ndikufuna.

Zinanditengera sabata ziwiri kuti ndiphunzire kusintha tsamba ndekha. Ndinachotsa fomu. Ndinalembapo za chiwawu zonse, ndi zithunzi za masamba zimene ndinajambula m'munda wa mayi uja atandilola. Ndinawonjezera za kufota, za kasungidwe ka mbewu, za kasinthasintha wa mbewu m'munda. Pansi penipeni ndinalemba kuti timagulitsa mbewu ku Tsangano, n'kuikapo nambala yanga. Anthu anawerenga. Ndinkaona pa laputopu kuti akutsegula ambiri, ndipo zolemba zanga zinkabwereranso kwa ine m'magulu a pafoni zitatumizidwa ndi anthu osawadziwa, nthawi zambiri mzere wa pansi uja utadulidwa.

Koma foni yanga inakhala chete. Oimba ochepawo ankafunsa za matenda, ankathokoza, basi. Nyengo yogulitsa mbewu itafika, ndinalibe woti ndimuimbire kupatula akale aja, ndipo ambiri mwa iwo anali atasunga mbewu kuchokera pa imene anagula kwa ine, motsatira ndendende zimene ndinawalembera. Theka la mathandala linatsala. Mphukira zinatalika, zinayera, mbatata zinafota ngati zala za munthu wochapa tsiku lonse. Zina ndinabzala ndekha kudimba, zina ndinapatsa nkhumba za amalume.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachiona pa Lizulu. Ndinapita kukagula matumba, ndipo ndinamva bambo wina wogulitsa akuwerengera alimi atatu kuchokera pafoni yake. Anali mawu anga, osasintha ngakhale limodzi, onena mmene mbewu yabwino imaonekera. Patsogolo pake panali mulu wa timbatata totsalira pa zodya, tina tili ndi mabala, ndipo ankatigulitsa ngati mbewu yosankhidwa. Alimiwo ankagwedeza mitu poona kuti munthuyu akudziwa zinthu. Ndikanati mawuwo ndi anga, ndani akanandikhulupirira, ndipo zikanasintha chiyani? Ndinagula matumba anga n'kuchoka.

Achimwene sananene kuti ndinakuuza. Zikanakhala bwino akananena. Ankangodutsa pakanyumba ka mbewu osasuzumiramo. Anayesa kulima kabichi, anayesa kugula nyemba kutsidya kwa malire, koma mtima wawo sunali pamenepo. Chaka chisanathe, abwana awo akale anawaitana, ndipo anapita. Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Anandisiyira laputopu. Amayi mpaka pano amakhulupirira kuti tikanapanda kukangana, mwana wawo akanakhala pakhomo, ndipo ngakhale sanandiuzepo maso ndi maso, ndimamva mmene amayankhira anthu akafunsa za iwo kutchalitchi.

Mayi wa ku Lizulu uja ndinamupititsira thumba la mbewu nyengo yotsatira. Analandira mwaulemu, anandikonzera tiyi, koma anandiuza kuti chaka chimenecho sabzala kachewere. Munda uja anaika nyemba ndi chimanga, ndipo mwana wawo wamkulu anali atasiya kaye sukulu yogonera komweko n'kubwerera kusukulu yoyendera. Mbewuyo anati apatsa mng'ono wawo. Sanandiimbe mlandu, ndipo sanandiuze kuti zatha. Timapatsana moni tikakumana pamsika.

Ndimayankhula ndi achimwene Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Kwa nthawi yaitali tinkakamba za thanzi la abambo, za mvula, za ana a abale, osakhudza za tsamba. Mwezi wathawu ananditumizira chithunzi cha tsamba latsopano limene anakonza paokha panthawi yopuma kuntchito. Lili ndi zolemba zanga zonse, koma pakati, munthu akangowerenga mmene chiwawu chimaonekera, pakubwera fomu yoti alembe nambala kuti aone chochita. Analemba kuti uthenga uzipita wokha nthawi yomweyo, palibe adzadikire.

Ndinaliyang'ana masiku anayi. Ndikudziwa kuti likhoza kugwira ntchito, ndipo mathandala adzazanso chaka chino. Ndikudziwanso mmene netiweki imathawira m'mapiri muno kukakhala chifunga, ndi mmene uthenga umafikira mawa lake. Ndinawayankha kuti fomuyo itsike pansi pa malangizo onse a chiwawu, ndipo ikhale ya ofuna mbewu okha. Anawerenga uthengawo tsiku lomwelo. Lamulungu lapitali tinakamba za bondo la abambo ndi denga la khitchini limene layamba kudontha.